Fani Yotsika Yokha

"Ndani wachonga apa?"

A Jageshwar anali chilili pakati pa bwalo, fomu ya sukulu ili m'mwamba ngati agwira mbava. Mkazi wawo Sabitri anali pachitofu akuphika chapati, ndipo sanadzutse mutu. Wochongayo ankamudziwa.

"Ndikufunsa ine! Timabokosi tilipo titatu apa. Sayansi, zamalonda, ndi aka ka mbiri yakale ndi zilankhulo. Ndani wachonga kabokosi ka anthu olephera?"

"Ndine, Babuji," anayankha Anchal, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anali ataima pakhomo la khola la njati zawo zoweta, ndowa ya mkaka ili m'manja.

Kwathu kuno ku Kusmaha mwana akamaliza kalasi ya khumi amabwera ndi fomu imeneyi, ndipo kabokosi kamene kachongedwa ndiye njira yake mpaka imvi. Mwambo wake ndi woti mwana amabweretsa fomu, bambo amabweretsa cholembera. Anchal anali atadumpha mwambowo ndi pensulo.

"Babuji, taonani malikisi anga bwinobwino. Mbiri yakale 97, Chihindi 94. Masamu 51. Sayansi 55, ndipo imeneyonso ndinachita kuloweza ngati nyimbo, osamvapo kanthu. Aphunzitsi a Farzana akuti ndikhoza kudzakhala loya kapena mphunzitsi wa kukoleji."

"A Farzana akabereke wawo! Ukaphatikiza zonse wakhala nambala wani sukulu yonse, ndipo nambala wani amatenga sayansi. Unamva kuti zoti nambala wani wapita kukaloweza maina a mafumu akufa? Mafumu akufa adzakudyetsa?"

"Bambo a Anchal," Sabitri analowererapo motsitsa mawu, "mwanayutu akaona magazi amagwa. Mwaiwala tsiku lija njati inadzicheka pawaya? Tinachita kumuthira madzi kuti atsitsimuke."

"Adzazolowera. Iwe unabadwa ukudziwa kuphika chapati?"

"Chapati sichucha magazi."

"Tseka pakamwa! Ndiye chikwangwani chija ndichite nacho chiyani? Ndikachitsitse anthu akuona?"

Apa ndiye panagona nkhani. Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, a Jageshwar anathamangira kwa munthu wosindikiza zikwangwani za andale, ndipo dzuwa lisanalowe pasiteji ya basi panali patapachikidwa chinsalu chachikulu kuposa chitseko. Nkhope inali ya Anchal, koma thupi linali la munthu wina, poti wosindikizayo anamuveka pakompyuta jekete loyera ndi kachingwe kopimira pachifuwa. M'munsi mwake analemba kuti DOKOTALA WA MAWA WA KUSMAHA. Mudzi wonse unadya maswiti. Wometa tsitsi anayamba kupereka moni wa "Dokotala, mwadzuka bwanji," ndipo nkhalamba zinkamuimitsa panjira kumuonetsa mawondo otupa. Mwana asanafunsidwe, mudzi unali utayankha kale.

Kunja kwa mpanda kunamveka kutsokomola kwadala. Sabitri anakoka nsonga ya sari, nsalu yaitali imene anavala, n'kuphimba nkhope mpaka kuchibwano, n'kutembenukira kukhoma. Anali a Dinanath, akulu awo a Jageshwar. Mkazi salankhula ndi mkulu wa mwamuna wake, samuonetsa nkhope, samukhudza. Ngakhale tiyi amangoika pansi n'kubwerera m'mbuyo. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati, a Dinanath anali asanaonepo mphuno ya Sabitri. Iwo ankagulitsa mankhwala m'sitolo ya munthu kumsika, ndipo poti ankatha kuwerenga zolembalemba za madokotala, ankadziona ngati theka la dokotala.

"Phokoso likuchita kumveka kumsewu. Kwagwanji?"

"Bhaiya, taonani zimene wachita mwana wanuyu," anatero a Jageshwar, poti ndi mmene ankawaitanira akulu awo.

A Dinanath anaitalikitsa fomuyo ndi maso, anaiwerenga, n'kuseka.

"Zachibwana izi. Malo ndapeza kale kumzinda kuja kumene amasula madokotala. Zaka ziwiri akumuphunzitsa mayeso okhaokha, m'mawa mpaka madzulo. Kumeneko ngakhale mwala umasanduka dokotala. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Jageshwar. Komanso mtsikana wa sayansi mabanja abwino amachita kumulimbirana."

Sabitri analankhula ndi chitofu, monga amachitira akazi akafuna kuti mlamu wamkulu amve.

"Chitofu iwe, uwauze akuluakulu kuti Rambha, mwana wa Lalmuni, anapita kumzinda komweko chaka chatha. Anabwera m'bokosi."

"Uchiuze chitofu chakocho kuti anali malungo," anatero a Dinanath akuyang'ana mng'ono wawo. "Malungo ku Kusmaha kulibe? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Kuwongola mtengo mpoyamba, Jageshwar, ukaulekerera udzathyoka nawo."

A Jageshwar ananyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta pensulo ija mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Kenako anachonga sayansi ndi inki, kawiri. Anchal anaika ndowa pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho, n'kulowa m'nyumba. Chapati imene inali pamoto inapserera.

Sabitri ankayembekezera misozi, kukana chakudya, kumenyetsa zitseko. Zonsezo akanazilandira ndi manja awiri. Koma Anchal anangoti zii. Ukamutuma ankapita, ukamufunsa ankayankha kuti chabwino. Mwana amene kale ankalongolola za nkhondo zamakedzana mpaka mphodza kuzizira m'mbale, tsopano ankadya ngati mlendo.

Sabata yoyamba ananyamula mabuku ake onse a mbiri yakale, aja ankawakuta ndi nyuzipepala, n'kukawasiya kwa aphunzitsi a Farzana. Sabata yachiwiri anakhazika mayi ake pamkeka masana n'kuyamba kuwadzoza mafuta kumutu, chinthu chimene anali asanachitepo osatumidwa. Atamaliza anavula ndolo zake zasiliva n'kuziika m'dzanja la Sabitri.

"Mundisungire, Mai."

"Kumzindako atsikana savala ndolo?"

"Zingatayike. Komanso zikukhalani inuyo kuposa ine."

Sabitri atawafotokozera amuna ake, iwo anakondwa. "Waona? Wakhwima nzeru mwanayu. Iwe unkangobwebweta pachabe."

Koma mtima wa Sabitri unali m'mwamba. Ankati akamva mwana wakhala chete m'nyumba n'kusiya zonse kukasuzumira. Ankaopa, koma chimene ankaopa sankafuna kuchitchula ngakhale mumtima. Tsiku lina anadikira dala mpaka Lalmuni atatsala yekha pamjigo. Chimwalirireni Rambha, mayiyu ankatunga madzi dzuwa lili paliwombo kuti asakumane ndi anthu.

"Didi, achemwali anga, ndikufunseni, musandikwiyire. Rambha wanu uja, anali malungo eti?"

Lalmuni anapitiriza kupopa mpaka ndowa inasefukira.

"Ndi mmene tinawauzira anthu."

"Nanga inu munauzidwa chiyani?"

"Ine ndiuzidwe chiyani, si ndine mkazi? Amene anapita kukatenga thupi ndi bambo ake. Koma pomusambitsa ndinalipo. Malungo sasiya chizindikiro pakhosi, mng'ono wanga."

Sabitri anaika ndowa yake pansi.

"Ankakana kupitako?"

"Poyamba ankakana. Iye ankafuna zojambulajambula, khoma lonse la kunyumba kwathu ndi mbalame zake. Kenako anasiya kukana, ife n'kumati wamvera. Atabwera patchuthi chomaliza anagawa zinthu zake zonse, ine chitsiru n'kumayamikira kuti ndinabereka mwana wopatsa." Lalmuni anakweza dzanja kuonetsa kachibangili kofiira kamene kankamuthina. "Aka n'kake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wako akulankhulabe?"

Sabitri anatola ndowa n'kunyamuka. Ndolo zija anali atazimanga pansonga ya sari, ndipo ankazimva zikumugunda m'chiuno pamene ankabwerera kunyumba, ndowa ili yopanda madzi.

Anawapeza amuna ake akudula udzu wa njati.

"Bambo a Anchal, Rambha sanafe ndi malungo."

"Asa! Ukufuna kumulodza mwana wanga ndi pakamwa pako? Ana zikwizikwi amapita kumeneko n'kubwerako bwinobwino. Mmodzi wofooka mutu ndiye atiopseze tonse?"

"Wathuyu wagawa mabuku. Wandipatsa ndolo."

"Ndiye akanapita nazo kuti amubere? Iwe mkazi, mudzi wonse wadya maswiti anga. Madzi akatayika sawoleka."

"Chabwino. Koma ndipita nawo, ndikaone pogona pake ndi maso anga."

A Jageshwar anavomera, poti pankafunika munthu wonyamula kamba. Sabitri anakazinga timikate ta thekuwa, ta ufa wa tirigu ndi shuga wa nzimbe, todzaza kansalu, monga amachitira mayi aliyense mwana akamapita kutali.

Ulendo unali wa sitima, tsiku lathunthu ndi theka, ndipo anapita anayi, a Dinanath ali patsogolo ndi sutikesi ya Anchal. Mumzindamo khoma lililonse linali ndi nkhope za ana amene anakhoza, mazanamazana, aliyense ndi nambala yake m'munsi. A Jageshwar ankayenda khosi lili m'mwamba.

"Zaka ziwiri zokha, Anchal, udzakhala apo!"

Sabitri ankasuzumira kunsi kwa sari n'kumayang'ana ana enieni amene ankadutsa mumsewu, zikwama kumsana. Anawerenga mpaka kutopa, osaona ngakhale mmodzi akuseka.

Nyumba yogona atsikana inali yosanjikiza kasanu. Pabenchi ya pakhomo panakhala bambo wina wa kumapiri, chipewa chaubweya chili m'manja, pambali pake mtsikana wowonda wa magalasi. Awiriwa anafika zipinda zitatha, ndipo linali tsiku lachitatu akudikira mwayi. Pamene amuna ankalembetsa maina, Sabitri anakhala pafupi ndi mtsikanayo.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Tanuja."

"Ukufuna udokotala?"

Mtsikanayo anayang'ana bambo ake. "Papa akuti ndikufuna."

Bambo uja anaseka monyadira. "Wamanyazi ameneyu! Kwathu tamupachika kale chikwangwani pamsika, mayi. Dokotala woyamba chigwa chonse."

Sabitri anamasula kansalu n'kumupatsa Tanuja timikate tiwiri. Mtsikanayo analandira ndi manja awiri, n'kutisunga m'thumba osadya.

Woyang'anira nyumbayo anali mayi wonenepa wa makiyi ambiri m'chiuno. Anawakweza masitepe mpaka chipinda nambala 14. Munali bedi, tebulo, mpando ndi zenera. Kunja kwa zenera kunali khonde, koma lonse linali lokutidwa ndi ukonde wokhuthala, kuchokera pansi mpaka m'mwamba.

"Kuno kuli nkhunda zambiri?" anafunsa Sabitri, akulankhula ndi mayi mnzake.

"Nkhunda!" Woyang'anirayo anaseka mpaka makiyi analira. "Eya, tinene kuti nkhunda."

Sabitri anakweza maso kudenga. Fani yake inali yachilendo. Pakati pa denga ndi faniyo panali sipuling'i yonenepa ngati mkono wa khanda, yatsopano, yonyezimira.

"Nanga ichi?"

"Aa, muli ndi maso, mayi. Ichi ndiye chonyadira chathu, makolo ambiri amafunsa chimenechi poyamba. Fani iyi ikangomva kulemera kopitirira makilogalamu makumi awiri, imatsika yokha mpaka pansi, belu n'kulira kuchipinda kwanga. Taika m'zipinda zonse. Kudenga la nyumba timakiya, khonde ndi limenelo mwaliona. Pano mwana wanu sangathe, ngakhale atafuna bwanji."

"Sangathe chiyani?" anafunsa Sabitri.

A Dinanath anagwedeza mutu mokhutira.

"Waona, Jageshwar? Ndinakuuza kuti ndapeza malo apamwamba. Chilichonse anachiganizira anthu amenewa."

"Inde, Bhaiya," anatero a Jageshwar, koma maso awo anakhalitsa kudenga.

"Makumi awiri basi?"

Anali Anchal. Anafunsa mofatsa, ngati akufunsa nthawi ya chakudya. Kenako anayenda mpaka pazenera, anagwira ukonde uja ndi zala, n'kuyang'ana kutali.

"Mai, mtsinje uja tinawoloka ukuoneka pano."

Kupatula tsiku la ndolo lija, anali mawu oyamba amene mwanayo analankhula yekha, osafunsidwa, pa masabata atatu. Ndipo ankamwetulira. Sabitri anayang'ana amuna ake, amuna ake ankayang'ana akulu awo, akulu awo ankafunafuna poika sutikesi. Anadziwa kuti akangotsika masitepe aja popanda mwana, adzawakweranso a Jageshwar okha kudzatenga thupi, iye n'kumadzauza anthu pamjigo kuti anali malungo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Anagwira nsonga ya sari n'kuiponya kumbuyo.

"Bhaiya, musaike sutikesiyo pabedi. Tikubwerera nayo."

A Dinanath anatembenuza nkhope mwamsanga ngati aona munthu akusamba.

"Jageshwar! Mkazi wako wapenga? Muuze aphimbe kumaso!"

"Ndiyang'aneni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulankhula ndi chitofu, lero mundimva ndi makutu anu. Nyumba imene amachita kumanga fani kuti ana asadzimangirirepo, ana ake amakhala akuganiza chiyani? Mwati chilichonse anachiganizira. Zoona, anaganizira fani, anaganizira khonde, anaganizira denga. Nanga mwana anamuganizira ndani?"

"Mayi a Anchal, ndikumenya pompano!" anakuwa a Jageshwar.

"Menyani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine ndamva. Mwana wanu wafunsa za makilogalamu, inu simunamve? Wanena za mtsinje! Mukufuna achite kukulemberani pachikwangwani?"

"Jageshwar, sindilankhula ndi mkazi ine," anatero a Dinanath akuyang'anabe kukhoma. "Mwana atsala, tiyeni tizipita." Ndipo ananyamula sutikesi kuti aiike pabedi.

Sabitri anadumpha n'kuwagwira pamkono ndi manja onse awiri.

A Dinanath anataya sutikesi ngati agwira mphika wotentha.

"Wandikhudza! Mkazi wa mng'ono wanga wandikhudza! Ndikasambe kuti ine? Jageshwar, kuyambira lero madzi a pakhomo pako sindidzamwanso." Anatuluka, ndipo nsapato zawo zinamveka masitepe onse mpaka pansi.

Apa ndi pamene Anchal anagwa n'kuyamba kulira. Analira mokweza, kukamwa yasa, ngati mwana wa zaka zitatu, ndipo Sabitri anali asanamvepo phokoso lokoma chotero.

"Mai, ndinali nditaganiza kale. Ndinali nditaganiza kale, Mai."

"Ndikudziwa. Dzuka, tola chikwama."

"Ngati chipinda simukuchifuna nenani msanga," anatero woyang'anira uja, nkhope itasintha. "Pansipa pali odikira."

A Jageshwar, thukuta lili kamukamu, anamukokera pambali. "Mkaziyu mutu wamuzungulira ndi ulendo. Ndikalankhula naye kunyumba. Chipinda china chikapezeka mundiimbire, nambala yanga muli nayo."

Potsika anakumana ndi bambo wa kumapiri uja akukwera, katundu ali paphewa, Tanuja ali pambuyo. Bamboyo anaika katundu pansi n'kugwira dzanja la a Jageshwar.

"Mulungu akudalitseni, achimwene. Mwatipatsa mwayi."

"Bambo," anatero Sabitri, nkhope ili poyera, "mukalowa muyang'ane kudenga."

"Fani ija? Tamva kale, mayi. N'chifukwa chake tasankha nyumba ino."

Sabitri anaika kansalu konse ka thekuwa m'manja mwa Tanuja, anamugwira tsaya, n'kutsika ndi mwana wake.

Nkhani inafika ku Kusmaha iwo asanafike. Akazi pamjigo ankasiya kulankhula Sabitri akatulukira, ena n'kumasendeza ndowa zawo kuti zisagundane ndi yake. Yekha Lalmuni ndi amene anamupopera madzi. A Jageshwar anasiya kudya chakudya cha m'manja mwake, ankakadya kogulitsa tiyi pansi pa chikwangwani chawo chomwe, ndipo aliyense wofunsa kuti Dokotala wabwereranji ankamuyankha kuti zipinda zinadzaza, tikudikira foni.

Aphunzitsi a Farzana anabwera ndi mabuku aja, atawamanga ndi chingwe, pamodzi ndi fomu yatsopano yosachonga. Anati malo a Anchal awasunga mpaka Lachisanu lomaliza la mwezi, koma popanda siginecha ya bambo sangachite kanthu. A Jageshwar sanaikhudze. Fomuyo inakhala pashelefu pafupi ndi nyali ya milungu, ikutola fumbi.

Anchal anayambanso kudya, tsiku lina mpaka anawafotokozera mayi ake za mfumu ina imene inakumba zitsime m'misewu. Koma foni ya bambo ake ikangolira, mwanayo ankauma pomwe waima. Sabitri ankadziwa kuti mlamu sagwidwa kawiri. Foni ikadzabwera adzamunyamula mwana iye ali pamjigo, ndipo palibe m'mudzimo amene adzamuikire kumbuyo mkazi wopanda manyazi. Anayamba kubisa zingwe za njati, ndipo kumunda sankapitanso.

Foniyo inabwera Lachinayi m'mawa, kutatsala tsiku limodzi. A Jageshwar anali kukhola, manja ali ndowe zokhazokha. Ataona nambala anapukuta chala chimodzi, n'kutsegula mawu kuti bwalo lonse limve.

"Bambo Jageshwar, mwayi wanu!" anali mawu a woyang'anira uja, makiyi akulira chapatali. "Chipinda chapezeka. Chomwe chija, nambala 14. Tachipenta kale."

A Jageshwar anayang'ana mkazi wawo mopambana. Anchal anali pakhomo la nyumba, atagwira mphuthu ya chitseko. Sabitri anayandikira foniyo, manja ali ndi ufa.

"Nanga Tanuja wasamukira kuti?"

Woyang'anirayo anawazindikira mawuwo.

"Aa, ndinu mayi aja. Mayi, ndinene poyera, zimenezo sizinachitikire m'nyumba mwathu. Fani yathu ilibe mlandu, sinatsike n'komwe. Anamupeza kumtsinje Lolemba. Bambo ake abwera dzulo kudzatenga katundu. Ndiye mubwera liti? Mufulumire, pali ena atatu akudikira."

Foni inagwera mu udzu wa njati, ikulankhulabe. "Halo? Bambo Jageshwar? Halo?"

A Jageshwar anakhala pansi pomwepo, m'matope a m'khola. Anayang'ana dzanja lawo lamanja nthawi yaitali.

"Munthu uja anandigwira dzanja ili," anatero. "Anandithokoza."

Sabitri m'maganizo ankaona kamtsikana ka magalasi kakuika timikate m'thumba, ndipo pamwamba pa chisonicho panali chimwemwe chochititsa manyazi, choti wafayo si mwana wake.

Kenako a Jageshwar anadzuka n'kutuluka pachipata opanda nsapato. Amene anali pasiteji m'mawa umenewo amanena mpaka lero mmene munthuyo anakwerera pamtengo wa magetsi ngati mnyamata, n'kudula zingwe ndi chikwakwa cha udzu. Wometa tsitsi anafunsa kuti kwagwanji, Dokotala wasamuka? Iwo sanamuyang'ane n'komwe. Anabwera nacho chinsalucho atachikulunga kukhwapa, n'kuchiponya kuseri kwa khola.

"Anchal, bweretsa fomu ija."

Mwanayo anabwera nayo. A Jageshwar anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, chomwe chija, anachitembenuza, n'kumupatsa.

"Chonga wekha. Ndi inki."

Anchal anachonga kabokosi kachitatu, ndipo bambo ake anasaina m'munsi. Sabitri anamasula mfundo ya pansonga ya sari, anatulutsa ndolo zija, n'kumuveka mwana wake, khutu ili kenako linalo. Anchal anatenga fomu n'kuthamanga nayo kusukulu, osadikira Lachisanu.

Anatsala awiri pabwalo. Sabitri anaika chapati ndi mphodza pamaso pa amuna ake, ndipo iwo ananyema, koyamba pa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, koma chakudyacho chinaima m'dzanja osafika kukamwa.

"Mwana wa munthu uja, wati dzina lake ndani?"

"Tanuja."

"Iyeyo ankafuna kuphunzira chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo a Anchal. Ndinamupatsa thekuwa, koma nanenso sindinamufunse."